Chimbale cha Pink Floyd chikuyendera limodzi ndi filimu ya The Exorcist, kodi muli uthenga wobisika?

Funso lafika kuchokera kwa mnyamata wina wa zaka 24, ndipo walemba motere: "Akulu ndithandizeni. Mnzanga anandiuza kuti ukatenga chimbale cha rock n'kuchiyatsa limodzi ndi filimu yoopsa, utatseka mawu a filimuyo, umaona zinthu zobisika. Ine ndinayesa The Dark Side of the Moon ya Pink Floyd ndi The Exorcist poti zonse zinatuluka 1973. Zomwe ndinaona zandisokoneza. Kugunda kwa mtima koyambirira kuja kumapita limodzi ndi anthu okumba ku Iraq, mawotchi analira pafupi ndi pomwe wotchi yapakhoma inaima, ndipo mzimayi wolira uja anayamba wansembe ali kwa mayi ake okalamba. Ndabwereza mausiku angapo, ulendo ulionse ndikupeza zatsopano. Pano tulo sindikugona bwino, mlongo wanga akuti ndayamba za satanic ndiitanira zinthu m'nyumba. Kodi anthuwa anachita kupangana? Muli uthenga? Kapena mutu wangawu wayamba?"

Achimwene, khazikani kaye mtima pansi. Zomwe mwaonazo munthu aliyense wa maso ndi makutu abwinobwino angazione, ndipo kuziona sikutanthauza kuti mutu wayamba ayi. Ine ntchito yanga kwa zaka zambiri yakhala yoika mawu ndi nyimbo pansi pa zithunzi, ma advert, mavidiyo a maukwati, timasewero, ma documentary, ndiye chinthu chomwe chakusowetsani tulochi ndimakumana nacho pafupifupi sabata iliyonse pa kompyuta yanga. Ndikufotokozerani bwinobwino komwe chimachokera, kenako tikambe za tulo lanulo chifukwa m'kalata yonseyi mbali imeneyo ndi yomwe yandikhudza kwambiri.

Mu situdiyo zimakhala chonchi. Wadula zithunzi koma nyimbo yeniyeni sinabwere, ndiye umangotola nyimbo ina iliyonse ili pafupi n'kuiponya pansi pake kuti ungoona mayendedwe. Ukangodina play basi, mkwatibwi akutembenuka pomwe gitala akulowa, agogo akupukuta msozi pomwe woimba wakweza mawu, galimoto ikutseka chitseko pa ng'oma ndendende. Mwini ntchito akabwera amati koma ndiye mwayeza bwanji, chonsecho palibe amene wayeza kanthu. Ukaichotsa nyimbo ija n'kuika ina yosiyana nayo kutalitali, nayonso imapeza malo ake ogwirizana, kungoti malo ena. Ubongo wa munthu sufuna kuti chomwe diso laona ndi chomwe khutu lamva pa nthawi imodzi zikhale zinthu ziwiri, umazimata pompo n'kukuuza kuti ichi chachititsa ichi. Mfalansa wina wolemba za mawu a m'mafilimu, Michel Chion, analemba za kumatana kumeneku m'buku lake la 1990 ndipo anakupatsa dzina loti synchresis, ndipo mafilimu onse amadalira chimenechi. Chibakera cha m'filimu sichimalira choncho, kulira kuja anakujambula padera munthu akumenya nyama kapena kuthyola masamba olimba, koma inu mumamva chibakera. Kalekale ku Russia, cha m'ma 1920 kapena kumbuyo pang'ono, wopanga mafilimu Lev Kuleshov anaonetsa anthu nkhope imodzimodzi ya wosewera wina, ulendo wina itatsatana ndi mbale ya msuzi, ulendo wina ndi bokosi la maliro, ndipo anthu ankati apa ali ndi njala, apa ali ndi chisoni, nkhope ili yomweyo yosasintha. Inu amene munakulira m'mavidiyo shoo mukudziwa kale zimenezi, womasulira filimu ya ku China m'Chichewa amatha kuika nkhani yakeyake m'kamwa mwa anthu aja, ndipo nkhope zawo zimaivomera nkhaniyo ngati ndi yomwe ankalankhuladi.

Tsopano za kupangana zija, tiyeni tione masiku, chifukwa masiku okha akuyankha funsoli. Pink Floyd inayamba kuimba nyimbo za chimbalechi pamaso pa anthu mu January 1972 ku England, chisanajambulidwe n'komwe. Kujambula kunachitika ku situdiyo ya Abbey Road ku London kuyambira pakati pa 1972 mpaka kumayambiriro kwa 1973, ndipo chimbale chinatuluka mu March 1973. The Exorcist anayamba kuijambula mu August 1972 ku America, ndiye kuti nyimbo zambiri zinalipo kale kamera isanayatsidwe, ndipo filimuyo inatuluka pa 26 December 1973, chimbale chitatha miyezi yoposa 9 chili m'masitolo. Oimbawo sakanaonera filimu yomwe kunalibe. Mwina munganene kuti nanga bwanji ngati ndi a filimu omwe anatsatira chimbale? Apanso mbiri yake ndi yodziwika. William Friedkin, yemwe anatsogolera filimuyi, analemba ganyu Lalo Schifrin kuti apeke nyimbo, atazimva anazikana, kenako anatola zidutswa za nyimbo zomwe zinalipo kale za anthu ngati Krzysztof Penderecki, komanso kachidutswa ka piyano ka Tubular Bells ya Mike Oldfield. Onani bwino apa, chimbale cha rock chomwe chilidi mu The Exorcist ndi cha Oldfield, ndipo nachonso sichinapekedwere filimuyo, mnyamatayo anachijambula ali ndi zaka 19 osadziwa kuti kuli filimu yotere, Friedkin anangochimva n'kuona kuti chikukwana. Lero anthu akamva kapiyano kaja tsitsi limawaima, koma mantha amenewo anachita kubwerekedwa kuchokera ku zithunzi.

Komanso ganizirani munthu wa 1973 akanachita bwanji zomwe mwachita inuzi. CD kunalibe, inabwera 1982. Makaseti a vidiyo a VHS anabwera 1976. Chimbale chinali rekodi ya mbali ziwiri, ikatha nyimbo ya mzimayi wolira ija, pafupifupi mphindi 20, umayenera kudzuka kukaitembenuza, wina atenga masekondi 10 wina apita kaye kukamwa madzi. Uthenga wobisika womwe ukudalira liwiro la dzanja la munthu wotembenuza rekodi sungafike kwa aliyense.

Pali funso lina lomwe ndikufuna mudzifunse: The Exorcist yake iti? Ya 1973 ndi ya mphindi 122, koma mu 2000 anatulutsa ina yowonjezera ya mphindi pafupifupi 132, ndipo iyi siyambira pamalo amodzi ndi yoyambayo, ili ndi tizithunzi tina koyambirira Iraq isanafike. Ndiyeno pali nkhani ya liwiro, yomwe anthu ambiri saidziwa. Filimu ya ku sinema imayenda mafulemu (tizithunzi totsatizana) 24 pa sekondi, koma ma DVD a ku Europe ndi mayiko athu ano ogwiritsa ntchito dongosolo la TV lotchedwa PAL amayendetsa 25, kutanthauza kuti filimu imathamanga ndi 4 peresenti. Zikuoneka zochepa eti? Pa mphindi 43 zomwe chimbale chanucho chimatenga, kusiyana kwake kumadutsa mphindi imodzi ndi theka. Onjezani logo ya kampani koyambirira yomwe ena amaidula, onjezani ka advert kakalowa pakati ngati mukumvera nyimbo pa intaneti yaulere, onjezani chala chanu podina play. Anthu awiri oyesa chimbale chimodzi ndi filimu imodzi kawirikawiri amakhala akuonera zinthu ziwiri zosiyana, koma onse amabwera akulumbira kuti zagwirizana. Inu nomwe mwati ulendo ulionse mukupeza zatsopano, ndipo mbali ina n'chifukwa choti simukuyambira pa sekondi imodzimodzi.

Mawu anu oti "pafupi" aja ndiwagwire pang'ono, pomwe mwati mawotchi analira pafupi ndi pomwe wotchi inaima. Ku ntchito kwathu milomo ndi mawu zikasiyana ndi mafulemu awiri kapena atatu okha, kachigawo kakang'ono ka sekondi, woonera amadziwa kuti china chalakwika ndipo ntchito imabwezedwa. Umo ndi momwe chinthu chochita kuyeza chimakhalira, chimagwa pa fulemu yake. Koma pa masewerawa timalola masekondi 5, 20, nthawi zina mphindi yathunthu, bola tanthauzo likumveka bwino. Ndiye tiyerekeze kuti filimu ikusintha chithunzi masekondi 6 alionse, pa mphindi 43 ndi kusintha kopitirira 400, osawerengera kutembenuka kwa mitu, zitseko, maso, manja. Mbali inayi nyimbo ili ndi ng'oma pafupifupi sekondi iliyonse, chida chatsopano chikulowa, mawu akuyamba, mawu akutha. Zinthu mazanamazana uku, mazanamazana uko, zodabwitsa zikanakhala zoti palibe ngakhale chimodzi chakumana. Inu mwandilembera zitatu. Zomwe sizinakumane, zomwe ndi zochuluka kwambiri, simunazilembe chifukwa ubongo suzisunga, palibe amene amakumbukira kuti pa mphindi 26 sipanachitike kanthu.

Nanga n'chifukwa chiyani chimbale ichi makamaka, ndi mafilimu oopsa makamaka? Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikomera ine. The Dark Side of the Moon ndi chimbale chokamba za nthawi yothamanga, ndalama, imfa, nkhondo ndi misala, Roger Waters analemba mawu ake onse ndipo mbali ya misalayo ankaganizira mnzawo Syd Barrett yemwe anachoka m'gululi mu 1968 mutu utasokonekera. Tchulani filimu yoopsa yomwe mulibe imfa, mantha, nthawi ndi munthu wosokonezeka. Mulibe. Ndiye mawu a nyimbozo amakwana paliponse. Kachiwiri, nyimbo zake sizidukaduka, imodzi imalowa mu inzake, pali malo aatali opanda mawu, pali phokoso la zinthu zenizeni ngati mapazi othamanga, ndege, makobidi, kuseka, ndiye chimamveka kale ngati mawu a filimu. Kachitatu, filimu yoopsa imamangidwa ngati kupuma, bata lalitali kenako kudzidzimutsa kenako bata, ndipo rock ya m'ma 1970 imamangidwanso chimodzimodzi, pansipansi kenako kuphulika. Mafunde awiri okwera ndi kutsika mukawaika limodzi, penapake akwerera limodzi basi, ndipo pomwe asiyana ubongo umati aa, apa nyimbo ikutsutsa chithunzi dala. Kugwirizana kukuwerengedwa ngati umboni, kusagwirizana nakonso kukuwerengedwa ngati umboni, ndiye palibe njira yoti masewerawa alephere.

Ubale wa rock ndi mafilimu oopsa ulipodi, koma ndi wapoyera. Black Sabbath ya ku Birmingham poyamba inkatchedwa Earth, dzina latsopanolo analitenga ku filimu ya Mario Bava ya 1963 yomwe munali Boris Karloff, ataona kuti anthu amalipira ndalama kuti akaopsezedwe, n'kuganiza kuti bwanji osapeka nyimbo zoopsa. Ku Italy gulu la Goblin linapeka nyimbo za Profondo Rosso mu 1975 ndi Suspiria mu 1977 limodzi ndi Dario Argento yemwe anatsogolera mafilimuwo, ndipo mukamvera Suspiria mudzamva kusiyana kwa nyimbo yopekedwera chithunzi ndi yongokumana nacho. John Carpenter anafotokozapo kuti ataonetsa Halloween ya 1978 kwa bwana wina wa kampani ya mafilimu nyimbo isanaikidwe, munthuyo sanachite mantha ngakhale pang'ono, ndiye anakapeka yekha kanyimbo kapiyano kaja. Night of the Living Dead ya 1968 inalibe ndalama yolembera wopeka nyimbo, anagula nyimbo zakale za m'nkhokwe zomwe zinagwirapo kale ntchito kwina, ndipo zinakwana. The Shining ya Stanley Kubrick ya 1980 nayonso yadzaza nyimbo za Bartók, Ligeti ndi Penderecki zopekedwa kale, koma kumeneko munthu wina dzina lake Gordon Stainforth anakhala pansi kuzidula ndi kuzisuntha mpaka zigwe pa malo ake. Zonsezi zikungosonyeza kuti chithunzi choopsa chimalandira nyimbo mosavuta kwambiri.

Masewera mwayambawa ali ndi mbiri yake. Anatchuka ndi chimbale chanu chomwechi koma ndi filimu ya ana ya 1939, The Wizard of Oz, osati yoopsa. Mtolankhani Charles Savage analemba za nkhaniyi m'nyuzipepala ya Journal Gazette ya ku Fort Wayne mu August 1995, itayamba kale kuyenda pakati pa okonda gululi, mu 1997 DJ wina wa ku Boston anaifalitsa pa wailesi, ndipo mu 2000 kanema wa Turner Classic Movies anaonetsa filimuyo ndi chimbalecho. Amati uyambitse nyimbo mkango wa pa logo ya kampani ya MGM koyambirira kwa filimuyo ukabangula kachitatu. Oimbawo akana kambirimbiri, Alan Parsons yemwe anali injiniya wa mawu ananena kuti mu situdiyomo munalibe chipangizo choonetsera filimu ndipo palibe anaitchulapo. Chomwe ndikufuna muone n'choti chimbale chimodzi chomwechi chikugwirizana ndi filimu ya kamtsikana ndi kagalu kake, ndipo kwa inu chikugwirizananso ndi filimu ya ziwanda. Anthu ena amalumikizanso nyimbo ina ya Pink Floyd, Echoes ya 1971, ndi gawo lomaliza la filimu yotchedwa 2001: A Space Odyssey. Sizingatheke kuti anapangana ndi onsewa.

Sindikunena kuti m'mafilimu ndi m'zimbale simubisidwa kanthu. Mu The Exorcist muli kankhope koyera koopsa komwe kamangothwanima kanthawi kochepa kwambiri, Friedkin anakaika dala, ndipo mukaimitsa filimu pamalopo mukaona. Muli gawo lomwe mtsikana wogwidwa ndi chiwanda akumveka ngati akulankhula chilankhulo chachilendo koma ndi Chingerezi chobwerera m'mbuyo, ndipo nkhani ya filimuyo imakuuzani yokha. Mawu a chiwanda ndi a mayi wina wosewera, Mercedes McCambridge. Anasakanizamo kulira kwa njuchi ndi nkhumba kuti thupi lanu lichite nthumanzi, ndipo filimuyi inapata mphoto ya Oscar ya mawu. M'chimbalemo timawu ta anthu olankhula chapansipansi tija ndi anthu omwe anali pa Abbey Road, mlonda wa pakhomo Gerry O'Driscoll, anyamata onyamula zida, omwe ankawapatsa makadi a mafunso okhudza imfa, ndewu ndi misala n'kumawajambula akuyankha. Mawotchi aja Parsons anakawajambula m'sitolo ya zinthu zakale pa ntchito ina yoyesera zipangizo. Mzimayi wolira uja ndi Clare Torry, anabwera tsiku limodzi mu January 1973, anamuuza kuti aimbe popanda mawu, anamulipira mapaundi 30, ndipo patapita zaka zambiri anakasuma mpaka mu 2005 dzina lake linaikidwa ngati wopeka nawo. Mukuona mmene zobisika zenizeni zimakhalira? Zili ndi mayina, zili ndi masiku, omwe anazipanga amazinena okha, ndipo aliyense amazipeza pamalo omwewo osachita kuuzidwa kuti aone chiyani.

Mantha a mlongo wanuwo nawo si achilendo. Ku America m'ma 1980 kunabuka nkhani yaikulu yoti magulu a rock akubisa mauthenga a satana omveka ukabweza nyimbo m'mbuyo, ndipo Led Zeppelin ndi yomwe inkatchulidwa kwambiri. Akatswiri awiri a ku Canada, John Vokey ndi Don Read, anafufuza n'kutulutsa zotsatira mu 1985. Anapeza kuti anthu sankamva tanthauzo la mawu obwezedwa m'mbuyo, koma akawauziratu kuti mvetserani mumva zakutizakuti, ambiri ankazimvadi, ndipo chimodzi mwa zomwe anabweza m'mbuyo chinali Salimo 23. Mu 1990 gulu la Judas Priest linazengedwa mlandu ku Reno ku Nevada pa nkhani yomvetsa chisoni ya anyamata awiri omwe anadziwombera mu 1985, mabanja ankati m'chimbale munali mawu obisika owalimbikitsa, koma woweruza sanapeze kuti gululo linaika uthengawo dala kapena kuti ndi umene unachititsa. Inunso mnzanu uja anakuuzirani kale kuti muona zobisika musanadine play, ndiye munalowa mukusakasaka.

Mlongo wanu musamuseke ndipo musakangane naye. Iye akuona mchimwene wake akukhala maso usiku ndi filimu ya ziwanda, m'mawa maso ali psuu, ndiye akuda nkhawa ndipo nkhawayo ili ndi maziko ngakhale chifukwa chomwe akuperekacho ndi china. Muuzeni zomwe mukuchita, muonetseni masana ndi filimu ina yosaopsa. Za chikhulupiriro, ngati mtima wanu ukukutsutsani pa filimu imeneyi, isiyeni, palibe chomwe mutaye, ndipo kucheza ndi abusa kapena wansembe wanu ndi chinthu chabwino ndithu. Chomwe ine ndingakutsimikizireni kuchokera ku ntchito yanga n'choti kuyatsa mafayilo awiri nthawi imodzi sikupanga uthenga wachitatu womwe wina anaubisa.

Musangokhulupirira ine, yesani nokha, masana, muli ndi mnzanu. Yambitsani chimbalecho mochedwa ndi mphindi ziwiri kapena zitatu kusiyana ndi momwe mumachitira, muone ngati kugwirizana kutha. Sikutha, kungosamukira pena. Kenako siyani filimu yomweyo koma ikani chimbale china chosayenerana nayo konse, kaya cha gospel kaya cha reggae. Kenako bwezerani Pink Floyd koma pa mpira, kapena pa nkhani za pa TV mutatseka mawu. Yeso lomwe ndimalikonda kwambiri ndi la pepala: musanayambe gwirizanani kuti kugwirizana ndi chiyani, mwachitsanzo chithunzi kusintha mkati mwa sekondi imodzi kuchokera pomwe nyimbo yasintha, ndiye aliyense alembe payekha osalankhulana, ndipo muzilembanso nthawi zonse zomwe nyimbo yasintha koma pa sikirini palibe chachitika. Pomaliza fananizani mapepala. Anthu omwe ndawachititsapo zimenezi amadabwa kuona kuti mapepala awiriwo sakufanana, komanso kuti mbali ya zosagwirizana ndi yaitali kuposa inayo.

Ndipo mukatero sindikuti musiye kusangalala nazo. Ine ndimaona kuti ndi masewera abwino kwambiri ophunzitsira khutu, ndipo achinyamata ofuna kuphunzira editing ndimawalimbikitsa, bola adziwe kuti wopanga tanthauzo ndi iwowo. Ngati mukufuna zokoma zenizeni pitani ku mafilimu akale opanda mawu, chifukwa amenewo anapangidwa kuti nyimbo iziimbidwa pambali. Nosferatu ya F. W. Murnau ya 1922, ya ku Germany, ndi yomwe anthu amaikonda. Inatengedwa ku buku la Dracula popanda chilolezo, mkazi wamasiye wa Bram Stoker anasuma ndipo khoti linalamula kuti makope awonongedwe, mwamwayi ena anapulumuka. Filimuyi yavekedwa nyimbo zamitundumitundu, m'ma 1990 inatuluka pa kaseti ndi nyimbo za Type O Negative, ndipo mu 2024 inaonetsedwa m'masinema ndi zimbale ziwiri za Radiohead, Kid A ya 2000 ndi Amnesiac ya 2001. Palibe amene akunena kuti Murnau ankadziwa Radiohead, aliyense akudziwa kuti munthu anakhala pansi n'kusankha, ndipo zikukomabe. Kungoti makope a Nosferatu amasiyana kutalika kwambiri poti mafilimu a nthawi imeneyo analibe liwiro limodzi lokhazikika, ndiye musadabwe zanu zikasiyana ndi za mnzanu. Mukapanga yanu n'kufuna kuiika pa YouTube kapena Facebook dziwani kuti nyimbozo zili ndi eni ake, akhoza kuitseka mawu kapena kuichotsa.

Tsopano tulo. Filimu yoopsa imathamangitsa mtima, imeneyo ndiyo ntchito yake, ndiye mukaiwonjezera kuwala kwa sikirini, mahedifoni m'makutu, ndi ubongo womwe mwautuma kuti usake zinthu, musayembekeze kugona mukangotseka laputopu. Choipa chake n'choti munthu wosagona amaona kulumikizana kwa zinthu mochuluka kuposa wogona bwino, ndiye zimazungulira: simugona, mupeza zambiri, zikuopsani, simugonanso. Dulani mzere umenewu. Siyani filimuyi ndi chimbalechi kwa masabata awiri, usiku foni ikhale patali ndi bedi, khofi ndi ma energy drink madzulo ayi, ndipo ngati mumasuta chamba pochita masewerawa, monga ambiri amachitira poti amati zimaoneka bwino, chisiyeni chifukwa kwa anthu ena chimakulitsa mantha ndi kukayikira ndipo chikhoza kudzutsa matenda a maganizo. Samalaninso makutu, chimbalechi chimayamba chapansi kwambiri ndiye anthu amakweza volyumu mpaka kumapeto, mawotchi aja akamalira amabaya.

Dokotala wina wa ku Germany, Klaus Conrad, mu 1958 analemba za kuona kulumikizana pomwe palibe, ndipo iye ankafotokoza za anthu omwe matenda a maganizo akuwayamba. Ndatchula izi osati kuti ndikuopseni koma kuti mudziwe malire. Kuona kugwirizana pa filimu, n'kudabwa, n'kutha kufunsa kuti kodi ndi zoona ngati mwafunsira inumu, ndi za aliyense. Zimakhala zina ngati mwayamba kumva kuti uthengawo walunjika kwa inuyo panokha, ngati wailesi, manambala a galimoto kapena anthu odutsa nawonso ayamba kuoneka ngati akukupatsani zizindikiro, ngati mukumva mawu nyimbo itazimitsidwa, ngati mukuopa kutuluka kapena kukhala m'chipinda chanu, kapena ntchito ndi sukulu zayamba kuima. Chimodzi mwa izi chikaoneka, kapena tulo likapanda kubwerera patatha masabata awiri mutasiya, pitani kuchipatala mukanene zonse momwe mwandilembera ine, ndipo mutengane ndi mlongo wanuyo poti iye akuona zina zomwe inu simukuziona. Ngati muli ku Malawi yambirani pa chipatala cha boma lanu mufunse namwino kapena kilinisha wa za maganizo, kulinso St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe komanso chipatala cha Zomba Mental. Maganizo odzivulaza akabwera ngakhale kamodzi, musadikire masabata awiriwo, uzani munthu wapafupi tsiku lomwelo mupite limodzi kuchipatala.